Nyerere M'galamafoni

Nyerere ndinayamba kuziona vanishi wachiwiri atangouma. Zinkatulukira pansi pa chitseko cha kukhitchini, n'kudutsa m'mbali mwa khoma, n'kukwera mwendo wa tebulo la pabalaza pamene ndinaikapo galamafoni. Moyo wanga wonse ndagwira ntchito yoyeza malo, choncho ndikaona mzere ndimafuna kudziwa kumene ukupita. Ndinagwada, magalasi pamphuno, n'kuulondola. Unkathera pansi pa gudumu lozungulira lija pamene pamakhala lekodi.

Ndinaganiza kuti mwina zikutsata guluu. Ndinazisesa, n'kupukuta ndi kansalu konyowa, n'kuiwala.

Galamafoniyo tinagula ine ndi malemu akazi anga chaka chimene tinalowa m'banja. Ndi bokosi lathabwa lokhala ndi chivundikiro, sipika yake ili kutsogolo kuseri kwa nsalu yolimba. Lamba woyendetsa gudumu anaduka mwana wathu adakali kusukulu. Tinkati tikonzetsa mwezi wamawa, mwezi wamawa, mpaka inakathera m'chipinda chosungiramo katundu, pansi pa zitini za penti. Akazi anga atamwalira, mwana wanga ndi mkazi wake anasamukira kuno, amati kudzandisamala. Mpongozi wangayo amaphika makeke ogulitsa, ndipo ankafuna chipindacho kuti aziikamo matumba a fulawa ndi zitini zake. Ndi mmene galamafoni inatulukira, mwana wanga ataiyangata ngati mbuzi yodwala.

"Bambo, ichi titaye kapena tipatse ogula zitsulo?"

"Ika patebulopo," ndinatero.

Inandidyera nyengo yonse yamvula. Pakona pamene padadontha madzi, thabwa lopyapyala lapamwamba linali litatukuka. Ndinalifewetsa ndi nthunzi ya ketulo, kulowetsamo guluu ndi nsonga ya mpeni, n'kulitsendereza ndi mabuku ndi njerwa. Vanishi wakale, amene adada ngati pansi pa mphika, ndinamupala pang'onopang'ono. Kenako sandipepa, wokakala poyamba, wosalala pambuyo, nthawi zonse motsata mitsempha ya thabwa, chifukwa ukangopingasa kamodzi chipsera chake chimaonekera ngakhale upake motani. Mkati mwa bokosi ndinapezamo nyumba ya mavu yadothi itamatirira pa mota. Ndinaigumula, kutsuka mota, kudontheza oyilo wa makina osokera. Lamba watsopano anandipezera Wamawailesi, munthu amene amakonza mawailesi pakhonde la sitolo ya nsalu. Pomaliza ndinatenga levulo yanga yakuntchito, n'kumalowetsa timapepala pansi pa miyendo ya tebulo mpaka kathovu kanakhala pakati penipeni. Nditayatsa, gudumu linazungulira osamveka n'komwe.

Pamutu pa mkono wonyamula singano ndinapezapo kakobiri kakale, komatidwa ndi chingamu chouma ngati mwala. Anamatapo ndi akazi anga. Singano ikamalumpha, iwo ankailemetsa ndi kakobiriko. Tinkakangana nazo. Ine ndinkawafotokozera kuti kulemera kumeneko kumadya lekodi, kuti singano imalima m'mizere ngati khasu. Iwo ankangoseka. "ALevulo, inu yezani, ine ndivine." Ndinakagwatula bwinobwino kakobiriko n'kukaponya m'chitini cha misomali. Pamenepa ndiye ndinapambana mkanganowo, pakuti panalibenso wondiyankha.

Malekodi athu anali mu katoni, ambiri a zikuto zokongola, zithunzi za oimba ovala masuti owala. Koma ntchito yonseyi sindinkaigwirira amenewo. Inalipo ina, m'chikuto cha pepala lakhaki, yopanda chithunzi, pakati pake kapepala koyera kofufuma. Akazi anga anali namwino, ndipo ali mtsikana ankaimba m'kwaya ya anamwino. Kunabwera munthu wa makina ojambulira mawu, ndipo woimba aliyense analandira lekodi yake. Mu nyimbo yachiwiri kwaya imakhala chete, n'kutsala mawu a munthu mmodzi. Sindinawamve chidukire lamba uja. Nkhaniyi sindinauze aliyense m'nyumbamo. Zina si zonena anthu akudya.

Chinatsala ndi singano basi. Wamawailesi anaiitanitsa kutali, ndipo Loweruka lina m'mawa ndinapita kukaitenga. Anandipatsa m'kabokosi kagalasi, n'kunena kuti ndisaigwire ndi zala. Ndinabwerera osaima pena paliponse.

Nditatsegula chitseko ndinamva fungo la shuga ndi mazira pabalaza. Chivundikiro cha galamafoni chinali chotsegula. M'mbali mwa bokosi, pa vanishi amene ndinamupaka katatu n'kumamuuzira fumbi ngati diso la mwana, panali chala cha munthu chitadindidwa ndi kirimu wa pinki. Mpeni wopakira unali utagona pambali pa mkono wa singano. Nyerere zinali pa phwando. Ndipo pampando panali chikuto chakhaki chija, chopanda kanthu mkati.

"Apongozi!" ndinaitana.

Mpongozi wanga anatuluka kukhitchini akupukuta manja pa epuloni. "Ii, apongozi, mwabwera msanga lero. Ndimati ndipukute musanafike."

"Mupukute chiyani?"

"Tikirimu timeneti." Anamwetulira ngati munthu wogwidwa akulawa ndiwo. "Ndinene zoona, kamakina kanu aka n'kodalitsika. Mukamapita kokayenda ndimakabwereka pang'ono. Keke imazungulira yokha, ine kungogwira mpeni chonchi, kirimu n'kusalala ngati khoma la ku banki. Tebulo langa la kukhitchini lija n'lopendama, makeke amatuluka ngati aledzera. M'nyumba muno chinthu chowongoka n'chokhachi. Makasitomala akuchita kufunsa kuti mwapita kukosi?"

Ndinaloza chikuto chija.

"Oo, imeneyo. Timakatoni toikirapo tinandithera, ndiye keke ya lero inali yaikulu. Ndinaona kuti malekodiwa ndi saizi yake ndendende, ndiponso kamsomali kapakatiko kamaigwira kuti isaterereke. Ndimati ndikamaliza ndiisamutse, koma inakakamira, wodzatenga ali pakhomo akuliza hutala. Ndangokulunga pepala lonyezimira m'mphepetemo." Ataona nkhope yanga anafulumira. "Koma musadandaule, apongozi, okongola aja sindinawakhudze ngakhale pang'ono. Ndinachita kusankha yachabechabe, yopanda ndi chithunzi chomwe."

Yachabechabe. Anachita kusankha. Anakhala pansi, kutsegula katoni yanga, kuyang'ana imodziimodzi, n'kugamula mwaulemu wake wonse kuti imene ingatayike popanda wodandaula ndi imeneyo. Akanangotola mwachisawawa mwina ndikanapsa mtima pang'ono.

Mwana wanga analowa kuchokera panja kumene ankatsuka galimoto, thalauza atapinda. Atamva nkhaniyo anayamba kuseka, kenako anadzigwira.

"Pepani, bambo. Koma ndi imodzi yokha, alipo ambirimbiri mu katonimo."

"Muli mawu a mayi ako."

Madzi ankadontha kuchokera pa chinkhupule chimene anagwira. Mpongozi wanga anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Koma simunanene," anatero mwana wanga chapansipansi.

"Ndinene chiyani? Ndiziyenda m'nyumba mwanga ndi choko, kulemba pa chinthu chilichonse kuti pano musaikepo keke? Pa pilo wanga ndilembenso? Pa manda a mayi ako ndikalembenso, pajatu mwala wake ndi wosalala?"

Sindinayambe ndamuyankhulapo choncho.

"Keke yapita kuti?" ndinafunsa.

"Kwa Madamu a saluni," anatero mpongozi wanga. "Saluni yawo yakwanitsa zaka. Anati adula masana." Anali atavula kale epuloni.

Galimoto inali thovu lokhalokha, makiyi osadziwika kumene ali. Sindinadikire. Ndinadutsa kwa owotcherera zitsulo, kulumpha ngalande, kudutsa pakati pa matayala a omata machubu, mawondo anga akudandaula ine osawamvera. Mpongozi wanga ankathamanga pambuyo panga, patapata akuwomba. "Apongozi, pang'onopang'ono, mugwa!" Sindinacheuke. M'thumba la malaya kabokosi ka singano kankandigunda pachifuwa.

Saluniyo tinaimva tisanaione. Pakhomo panali mabaluni, mkati sipika yaikulu ngati firiji ikugwedeza magalasi. Munadzaza amayi, ena tsitsi lolukidwa mbali imodzi, ena mitu ili m'zipewa zoumitsira, aliyense kambale kapepala m'manja. Keke inali pa kauntala pakati pa zipeso ndi mabotolo, yapinki, yaitali, yosalala m'mbali mwake moti ngakhale ine ndinaona kuti ndi yowongoka. Mbali ina inali itadyedwa kale. Madamu, mwini saluniyo, mayi wamkulu thupi wa zikhadabo zofiira, anali ataimirira pamenepo ndi mpeni wa buledi, wamano uja. Ankautsitsa m'keke, ukafika pansi n'kucheka uku ndi uku kuti chidutswa chilekane bwino.

"Siyani!" ndinatero.

Palibe anamva. Mpeni unakweranso. Ndinaona chingwe cha sipika pafupi ndi phazi langa, ndinawerama n'kuchizula kukhoma.

Mitu yonse inatembenuka, ngakhale ya m'zipewa.

"Siyani kudula," ndinabwereza.

"Agogo awa ndi a ndani?" anafunsa Madamu, mpeni uli m'mwamba.

"Apatseni kachidutswa, njala imeneyo," anatero wina pakona.

"Mwina abwera kudzalukitsa," anatero mnzake akuyang'ana dazi langa, ndipo saluni yonse inagwa nacho chiseko.

Ndinayesa kufotokoza mwadongosolo. Ndinati pansi pa kekeyo pali lekodi, kuti inaikidwapo molakwika, kuti ndi ya banja lathu, kuti mpeni ukuiwononga. Madamu anakanda pepala lonyezimira ndi chikhadabo, m'mphepete mwakuda munaonekera. Anakuwa mokondwa ngati wapeza mphatso.

"Atsikana, taonani! Ndiye kuti tadya nyimbo! N'chifukwa chake m'chiuno mukundiyabwa!" Anagwedeza chiuno, amayi aja n'kuwomba m'manja. "Dikirani timalize, agogo, tikupatsani chinthu chanucho. Tikutsukirani ndi shampu, chikanunkhire."

Ndipo anatsitsanso mpeni. Ndinamva mano ake akukhudza pansi. Ndi kaphokoso kakang'ono, khwee, ngati munthu akung'amba nsalu kuchipinda china. Ndakhala pa maliro ambiri, ndamva zinthu zambiri zonenedwa mopanda nzeru, koma palibe chinandilasapo ngati kaphokoso kameneko.

Mpongozi wanga anandidutsa. Anakhuthulira zipeso pansi kuchokera m'thireyi ya pulasitiki, n'kulowetsa manja ake onse awiri pansi pa keke, pakati pa keke ndi lekodi, n'kuinyamula yonse. Inasweka pakati. Anaiunjika m'thireyimo ngati matope, kirimu mpaka m'zigongono.

"Iwe! Keke yanga!" anakuwa Madamu.

"Keke ndi yanu, idyani. Ichi n'cha apongozi anga aakazi."

"Wapenga? Pamaso pa alendo anga? Usadzandionenso pakhomo pako, ndipo ndiuza aliyense!"

"Auzeni. Muwauzenso kuti mumadula keke ngati mukucheka nkhuni."

Mpongozi wanga anandipatsa lekodiyo ndi manja awiri. Tinatuluka. Kumbuyo kwathu wina analumikizanso sipika.

Tinauyamba wobwerera kunyumba. Lekodiyo ndinainyamula mopingasa, zala m'mphepete, ntchentche zikutitsatira. Pafupi ndi kwa omata machubu iye anati, "Madamu aja ndi amene amandipezera makasitomala ambiri." Sankadandaula, ankangonena. Sindinali wokonzeka kumumvera chisoni, ndipo zinandikwiyitsanso kuti wachita chinthu chondivuta kuchinyoza.

Kunyumba ndinaitsuka m'beseni, madzi ofunda pang'ono ndi kadontho ka sopo, kabulashi kofewa kakuyenda motsata mizere, chala changa chikutchinga kapepala kapakati. Mafuta a kirimu sachoka msanga. Ndinasintha madzi kangapo. Nditaiimika pa choumitsira mbale pafupi ndi zenera, zipsera zinaoneka bwino: mizere yotuwa yochokera pakati kupita m'mphepete, ngati masipoko a njinga. Yambiri inali yosazama. Umodzi, womaliza uja, unali wakuya moti chikhadabo chinkakodwamo, ndipo unadutsa pa nyimbo yachiwiri.

Mpongozi wanga anali atapukuta kale galamafoni. Chala chija chinachoka, koma pamalo pake vanishi anachita chifunga. Ndinachotsa gudumu, n'kupeza shuga ataundana mozungulira chitsulo chapakati, lamba ali noninoni. Ndinatsuka zonse, kudonthezanso oyilo, kuikanso levulo. Tebulo linali litasuntha. Ndinawonjezera kapepala. Kenako ndinatsegula kabokosi kagalasi n'kulowetsa singano pamalo pake ndi kachitsulo kotolera. Awiriwo anaima pakhomo la kukhitchini ngati ana oyembekezera chilango. Sindinawaitane, sindinawathamangitsenso.

Nyimbo yoyamba inayamba. Mawu a atsikana ambiri, akutali, ngati akuimbira m'chipinda chotseka. Gudumu likazungulira kamodzi, zipsera zinkagunda: tha, tha, tha. Koma singano inkadutsa, motsimphina. Ndinakhala pampando, manja pamawondo.

Nyimbo yachiwiri. Kwaya inaimba ndime yake n'kukhala chete. Panamveka munthu akukoka mpweya, kenako chiyambi cha liwu, ndipo singano inagunda chipsera chakuya n'kulumphira m'mbuyo. Mpweya uja, theka la liwu, tha. Mpweya uja, theka la liwu, tha. Akazi anga ankayamba kuimba, n'kudulidwa, n'kuyambanso, n'kudulidwa, ngati munthu amene akufuna kunena kanthu pamsonkhano koma sakumupatsa mpata.

Ndinanyamula mkono wa singano. Ndinayesa kuiika patsogolo pang'ono. Inaimba mawu awiri n'kugweranso m'chipsera pa kuzungulira kotsatira. Ndinayesa kukhwimitsa kasipuling'i ka kumbuyo kwa mkono mpaka pamapeto pake. Chimodzimodzi.

"Bambo," anatero mwana wanga, "pali anthu a makompyuta amene mwina..."

"Khala chete."

Ndinakhala nthawi ndithu ndikuyang'ana gudumu likuzungulira lopanda ntchito. Ndinkadziwa chochita, ndipo ndicho chinkandinyansa. Nyengo yonse ndapala, ndapaka, ndayeza, kuti chinthu ichi chiimbe mmene anachipangira. Ndinaimirira n'kukatenga chitini cha misomali. Ndinakhuthulira patebulo. Kakobiri kaja kanagubuduka n'kukagona pafupi ndi levulo.

"Ndikufuna chomatira," ndinatero.

"Kirimu wouma uja amagwira bwi..." anayamba mpongozi wanga, n'kudziluma lilime.

"Chingamu," ndinatero. "Mayi ako ankamata ndi chingamu."

Mwana wanga anapapasa m'matumba n'kupeza kamodzi. Anakasenda. Bambo wandevu zake, thalauza lopinda, anaima pakati pa balaza akutafuna chingamu mofulumira, nkhope ili yamaliro. Atamaliza anandipatsa pachikhatho. Ndinamata kakobiri pamutu pa mkono, pamalo pomwe padali chizindikiro chake chakale.

Sindikunena kuti akazi anga ankalondola. Kakobiri kamadya lekodi. Ndinanena kale ndipo ndikunenabe, ndipo lekodi imeneyi ikatha palibe kwina kokaipeza.

Ndinatsitsa singano. Kwaya inaimba n'kukhala chete. Mpweya uja. Singano inafika pachipsera, inagunda mwamphamvu, tha, n'kupitirira.

Mawuwo anali aang'ono kuposa mmene ndinkawakumbukira, a mtsikana amene anali asanandidziwe n'komwe, othamanga pang'ono ngati akuopa kuti kwaya imupeza asanamalize. Pa liwu lokwera anagwedera, n'kudzigwira. Mpeni wa Madamu unkagunda pakati pa mawu ake, kuzungulira kulikonse, ndipo uzidzagunda choncho mpaka kalekale. Koma ndime yonse inatha, kwaya n'kulowanso.

Mwana wanga anali atakhala pansi, msana kukhoma, akuyang'ana kudenga. Mpongozi wanga anali chiimire pakhomo paja, kirimu wa pinki atauma pachigongono.

"Ankaimba choncho akamachapa," anatero mwana wanga.

"Akamasita," ndinamukonza.

Nyimbo zitatha, singano inkangogogoda pa mzere womaliza. Nyerere imodzi inatuluka pansi pa gudumu itasenza kambewu ka shuga, n'kuyamba kudutsa pa vanishi wanga mosafulumira. Ndinaiphwanya ndi chala, mwamphamvu kuposa mmene pankafunikira.